Momwe mungasankhire ndi kuyesa mtundu wa kuwala kwa tochi yodula ya LED

Matochi awiri a kampani imodzi, dzina limodzi, mtengo umodzi, mukawayatsa pakhoma loyera mutha kupeza kuti imodzi ikuwala mopendekera ku girini, inzake mopendekera ku pinki. Palibe yowonongeka pamenepo, ndipo makampani ambiri sangakusinthireni tochi pa chifukwa chimenechi. Kwa munthu amene waitanitsa katundu kuchokera ku China kapena ku America, nadikira milungu ingapo, nalipiranso msonkho, kubweza tochi n'kutaya ndalama kawiri. Nkhaniyi ndi yofunika kuimaliza musanalipire.

Gwero lake lili m'kapangidwe ka LED. LED yoyera mkati mwake ili ndi kachipu kotulutsa kuwala kwa buluu, kwa pafupifupi 450 nm (nm ndi muyeso wa utali wa mafunde a kuwala, umene umasonyeza mtundu wake), ndipo pamwamba pake amakutapo ufa wotchedwa phosphor. Ufawu umameza gawo la buluuyo n'kulibweza ngati chikasu, pena ndi kufiira komwe, ndipo zikasakanikirana diso limaona zoyera. Kampani ya Nichia ya ku Japan inayamba kugulitsa ma LED oyera a mtundu umenewu mu 1996. Phosphor akangochuluka pang'ono, kapena buluu wa kachipuko akangosuntha pang'ono, mtundu wa kuwala umasinthanso. Fakitale singathe kutulutsa ma LED mamiliyoni ofanana ndendende, choncho imayeza LED iliyonse n'kuiika m'gulu lake. Magulu amenewa ndiwo ma bin. Zimafanana ndi kusankha fodya: munda ndi umodzi, mbewu ndi imodzi, koma masamba amapita m'magiredi osiyana, ndipo wogula wodziwa amafunsa giredi, osati dzina la mbewu lokha.

Choyamba: sankhani kutentha kwa mtundu ndi CRI

Musanafike pa ma bin, dziwani chimene mukufuna kumaona ndi tochiyo. Nambala ya Kelvin, imene imalembedwa ndi K, imanena ngati kuwala kuli kwachikasu kapena kwabuluu. 2700K ikufanana ndi babu lakale lija la kawaya koyaka, 4000K mpaka 4500K ndi pakatikati, 5000K mpaka 5700K ikuyandikira dzuwa la masana, pamene 6500K imaoneka yabuluu. Matochi ambiri a m'masitolo amaika 6500K chifukwa ma LED otere amapereka ma lumen ambiri (lumen ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala), ndipo nambala yaikulu pabokosi imagulitsa malonda. Koma m'fumbi, mu utsi kapena m'nkhungu, kuwala kotere kumathobwa m'maso. Ine ndimalangiza 4000K kapena 4500K pa tochi yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

CRI imanena momwe kuwalako kumaonetsera mitundu ya zinthu, ndipo mapeto ake ndi 100. Ma LED wamba amakhala pa 70, abwino amayambira pa 90. Chenjerani apa: nambala ya CRI imene amalemba pabokosi imachokera pa mitundu 8 yosawala kwambiri, ndipo kufiira kwenikweni kulibemo. Kufiirako kuli ndi muyeso wakewake, R9. LED ya CRI 70 imatha kukhala ndi R9 yotsika kupitirira ziro, n'chifukwa chake magazi, nyama, kapena waya wofiira pakati pa abulauni zimaoneka zofiirira mwakuda. Makaniko, namwino, kapena woyang'ana ziweto usiku afunse za R9. Mtengo wake ndi wakuti LED ya CRI yapamwamba imapereka ma lumen ocheperapo pa batire lomwelo.

Chachiwiri: bin ya kuchuluka kwa kuwala, musataye nayo nthawi

Zilembo zonga T6, U2, U3, S2 kapena V6 pa ma LED a kampani ya Cree zimanena kuchuluka kwa kuwala basi. Pa LED yawo ya XM-L, T5 inkayambira pa ma lumen 260, T6 pa 280, U2 pa 300, zonse zitayezedwa pa 700 mA. Kusiyana kwa bin ndi inzake ndi pafupifupi 7 peresenti. Diso silingaone kusiyana kotere, ndipo Cree yemwe amalemba m'mapepala ake kuti muyeso wake utha kuphonya ndi 7 peresenti, m'mwamba kapena pansi. Palinso msampha wina: XM-L inkayezedwa pa madigiri 25, pamene XM-L2 imayezedwa pa madigiri 85. Popeza LED imawala mocheperako ikatentha, U2 ya XM-L2 ndi yowala kuposa U2 ya XM-L ngakhale zilembo zili zofanana. Mukaona "T6" yokha pa tochi yotchipa, popanda china chilichonse, simunauzidwe kanthu za mtundu wa kuwala, ndipo kawirikawiri LED ya mkatimo siikhala ya Cree n'komwe.

Chachitatu: werengani bin ya mtundu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Akatswiri ali ndi chithunzi cha mitundu yonse, chotchedwa CIE 1931, ndipo pakati pake pamadutsa mzere wokhota umene ukusonyeza mtundu wa chinthu chotenthedwa mpaka kuyamba kuwala, kuyambira kufiira, chikasu, kuyera mpaka kubuluu. Anthu a matochi amautcha BBL. Kuwala kokhala pa mzerewu kumaoneka koyera bwino. Kokhala pamwamba pake kumapendekera ku girini, kokhala pansi pake kumapendekera ku pinki. Kupendekeraku ndi kumene amakutcha tint, ndipo mtunda wochoka pa mzerewo umayezedwa ndi nambala ya Duv. Duv ya 0.000 ili pamzere penipeni, yokhala ndi + ndi ya girini, yokhala ndi chizindikiro chochotsera ndi ya pinki. Ma LED awiri atha kukhala onse a 4500K, onse a CRI 90, koma imodzi ya Duv +0.005, ina ya -0.003, ndipo mukawaona simungakhulupirire kuti ndi amodzi. Kelvin payokha siinena chilichonse pa girini ndi pinki, ndipo ogula ambiri amagwera pomwepa.

Muyeso wa ku America wa ANSI C78.377, umene unatuluka koyamba mu 2008, unagawa mzerewu m'mabokosi 8: 2700K, 3000K, 3500K, 4000K, 4500K, 5000K, 5700K ndi 6500K. Mabokosiwa ndi aakulu, moti bokosi limodzi limalola Duv kusuntha ndi 0.006 mbali iliyonse. Choncho opanga ma LED amawaduladula.

Cree amagwiritsa ntchito nambala ndi chilembo. Nambala imanena bokosi: 1 ndi 6500K, 2 ndi 5700K, 3 ndi 5000K, 4 ndi 4500K, 5 ndi 4000K, mpaka 8 amene ali 2700K. Chilembo chimanena ngodya ya bokosilo. Chofunika kuloweza n'chimodzi: A ndi D ali kumunsi, B ndi C ali kumtunda. Ndiye 3D kapena 5A zimapendekera koyera kapena ku pinki, pamene 3C kapena 5B zimapendekera ku girini. Kampani ya Luminus imatsata njira yofanana pa LED yake ya SST-20 ya 4000K: okonda matochi amasakasaka FA3 ndi FD2, ndipo amadandaula ndi FB4.

Nichia amalemba mwina. Pa LED yawo ya 519A mudzaona zonga sm453 R9080. 45 akutanthauza 4500K, 3 wa kumapetoyo akutanthauza masitepe 3, ndipo R9080 ndiye kuti CRI siitsika pa 90 ndipo R9 siitsika pa 80. R9050 ndi CRI 90 yomweyo koma R9 ya 50. Masitepewa amachokera ku ntchito ya David MacAdam wa ku kampani ya Kodak, amene mu 1942 anafalitsa zimene anapeza poyeza kuti mitundu iwiri iyenera kusiyana motani kuti diso liyambe kuzindikira. Masitepe akachepa, ma LED a m'gululo amafanana kwambiri. Bokosi lonse la ANSI ndi la masitepe pafupifupi 7, ndiye bin ya masitepe 3 ndi yosankhidwa bwino ndithu, ngakhale kuti awiri ochokera kumalekezero osiyana a bin imodziyo mungawasiyanitsebe mukawayatsa pamodzi.

LED iliyonse ilinso ndi mbiri yake. Nichia 219B ya sw45k inatchuka chifukwa chokhala pansi pa mzere kwambiri, moti ena amaikonda zedi pamene ena amati imachita kufiiritsa chilichonse. Samsung LH351D ili ndi CRI yabwino koma kawirikawiri imapendekera ku girini. Nichia 519A imakonda kukhala pafupi ndi mzere, ndipo n'chifukwa chake yafala msanga m'matochi a anthu osamala za mtundu. Kwa ine, kachipinki pang'ono n'kosavuta kukhala nako kusiyana ndi kagirini pang'ono, chifukwa girini amachititsa khungu la munthu kuoneka ngati la wodwala. Koma izi n'zokonda munthu, palibe lamulo.

Chachinayi: funsani wogulitsa mafunso atatu

Mulembereni musanalipire. Funsani dzina lonse la LED, Kelvin ndi CRI yake, ndiponso bin ya mtundu ya ma LED amene akuika m'matochi mwezi uno. Mawu akuti "mwezi uno" ndi ofunika, chifukwa ma LED amabwera atakulungidwa m'mikukuta, mkukuta uliwonse ndi bin yake, ndipo ukatha wotsatira utha kukhala wa bin ina. Zimene munawerenga za tochiyo chaka chatha zitha kukhala za mkukuta umene unatha kalekale.

Opanga aang'ono monga Convoy ndi Emisar amakulolani kusankha LED ndi Kelvin pa tochi imodzimodziyo, monga S2+ kapena D4V2, ndipo nthawi zina amalemba bin. Zebralight amaika chilembo kumapeto kwa dzina: w ndi kuyera kwapakatikati, c ndi d ndi za CRI yapamwamba, c ya 4000K ndipo d ya 5000K. Makampani aakulu ambiri amangolemba "cool white" kapena "neutral white", chifukwa amagula ma bin ambiri pamodzi kuti fakitale isaime. Kukwera mtengo kwa tochi kumalipira chitsulo, zamagetsi za mkati ndi chitsimikizo cha kampani, osati bin yosankhidwa. Wogulitsa akalephera kuyankha, dziwani kuti mukuchita maere, ndipo onani ngati mtengowo ukuyenera maere.

Chachisanu: yang'anani zimene zazungulira LED

Bin imayezedwa pa LED yosavala kanthu, pa mphamvu imodzi ya magetsi, kwa kanthawi kochepa kwambiri. M'tochi zinthu zimasintha.

Mphamvu ya magetsi ndi yoyamba. Ma LED ambiri amapendekera ku girini akapatsidwa magetsi ochepa, n'kumatsikira ku pinki magetsi akamakwera. SST-20 imadziwika nazo kwambiri zimenezi: pa turbo, mlingo wowala kwambiri wa tochi, imaoneka bwino, pa mphamvu yotsika imabiriwira. Tochi imene imachepetsa kuwala pozimitsa ndi kuyatsa LED mothamanga kwambiri, njira yotchedwa PWM, imasunga mtundu pafupifupi umodzi pa milingo yonse, chifukwa LED ikayaka imalandira mphamvu yomweyo. Imene imatsitsa magetsi enieniwo siiphethira ndipo imasunga batire, koma mtundu umayenda.

Chachiwiri ndi mbali imene kuwala kukutulukira. Kuwala kotuluka cham'mbali mwa LED kumadutsa mtunda wautali mu phosphor, ndiye kumakhala kwachikasu kusiyana ndi kotuluka kutsogolo. Mbale yonyezimira ya m'mutu mwa tochi imatenga kwa m'mbaliko n'kukuponya pakati, pamene kwa kutsogolo kumatuluka mwachindunji n'kupanga bwalo lalikulu lakunja. Zotsatira zake ndi pakati poyera, mkombero wachikasu kapena wagirini kuzungulira pakatipo, ndi kunja kwabuluu. Cree XP-G3, XP-L2, XHP50.2 ndi XHP70.2 zimadziwika ndi vutoli. Mbale yosalala imalionetsa kwambiri, yamatuzamatuza imalibisako, ndipo kagalasi kapulasitiki ka TIR, kamene matochi ena amakhala nako m'malo mwa mbale, makamaka kosaonekera bwino mkati, kamasakaniza mitunduyo. Galasi lakutsogolo nalo lili ndi mbali yake. Likakhala ndi utoto woletsa kunyezimira umene umaoneka wapepo mukalipendeketsa, ndiye kuti likubweza pepoyo, ndipo kuwala kumene kwadutsa kwakwera pang'ono kulowera ku girini.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani tochi ikafika

Tchajani batire lidzaze. Dikirani usiku, thimitsani magetsi onse, tsekani makatani. Pezani khoma loyera lenileni, poti makoma ambiri amene timati oyera ndi a kirimu. Ngati mulibe, pachikani nsalu yoyera kapena matani mapepala angapo. Imani mita imodzi kapena awiri.

Yambani ndi tochi yatsopanoyo payokha, pa mlingo umene muzigwiritsa ntchito kawirikawiri, ndipo ipatseni mphindi zingapo. Diso limazolowera kuwala kumene lilimo. Mukatuluka m'chipinda cha babu lachikasu, tochi ya 5000K idzaoneka yabuluu, ndipo mukatuluka pa kuwala kwa foni idzaoneka yachikasu. Chigamulo cha masekondi oyambirira n'chosadalirika.

Kenako pitani pa mlingo wotsikitsitsa, wapakati, ndi turbo, n'kumayang'ana malo atatu: pakati, mkombero wozungulira pakati, ndi bwalo lakunja. Pa turbo musaweruze pongoyatsa. Ngakhale muyeso wa FL1 wa 2009, umene makampani amatsata polemba ma lumen, umayamba kuwerenga pakadutsa masekondi 30, chifukwa LED imasintha ikamatentha.

Mukatero ndi pamene mungaiyerekeze ndi tochi ina. Apa chenjerani kwambiri, chifukwa kuyatsa matochi awiri pambalipambali kumakokomeza kusiyana. Tochi yokhala pamzere penipeni idzaoneka yagirini pafupi ndi yapinki, ndipo yomweyo idzaoneka yapinki pafupi ndi yagirini. Kuyerekezaku kumakuuzani kuti iyi ili kumtunda kwa iyo, osati kuti iyi ndi yoipa. Anthu ambiri anayamba kudana ndi tochi imene ankaikonda tsiku limene anaiyatsa pafupi ndi ina.

Khoma likatha, pitani pa zinthu zenizeni: chikhatho chanu, tomato wakupsa, nyama yaiwisi, thabwa, masamba, mawaya ofiira, alalanje ndi abulauni. Tulukaninso panja. Kagirini kamene kanakusowetsani mtendere pakhoma nthawi zambiri kamasowa pa udzu ndi pa dothi, pamene kusowa kwa R9 kumaonekera pena paliponse.

Ngati mukufuna kujambula kuti mutumizire wogulitsa, ikani kamera ya foni pa Pro, mukhome white balance (chokonzera mtundu wa kuyera) pa 5000K, ndipo ISO ndi liwiro la shutter zikhale zomwezo pa zithunzi zonse. Mukaisiya pa Auto, foni idzakonza yokha mtunduwo ndipo chithunzi sichidzasonyeza kanthu. Wofuna manambala atha kugula kachipangizo ka Opple Light Master, kamene kamalumikizana ndi foni n'kupereka Kelvin ndi manambala a x ndi y. Manambala awiriwa mukawalowetsa m'chowerengera cha pa intaneti mumapeza Duv. Lozetsani pakati pa kuwala pa kachipangizoko, mtunda womwewo nthawi zonse. N'kothandiza poyerekeza matochi anu, koma musakakhulupirire mpaka nambala yomaliza. Zida zoyeza molondola monga Sekonic C-800 zimadula kuposa matochi angapo pamodzi.

Chachisanu ndi chiwiri: konzani, kuyambira ndi njira imene mungaibweze

Musanatsegule mutu wa tochi, chotsani batire.

Ngati vuto ndi mkombero wamitundumitundu, matani kapepala kosakaniza kuwala, monga d-c-fix kaja amamata pa mawindo a kubafa, pa galasi lakutsogolo. Kuwala kudzafalikira ndipo sikudzafika patali monga kale, koma mitundu idzasakanikirana. Ngati vuto ndi girini pena paliponse, dulani kachidutswa ka sefa wapulasitiki wa pinki amene ojambula mafilimu amagwiritsa ntchito. A Lee Filters ali ndi 279 wopepuka, 249 wamphamvuko, ndi gulu la Zircon lopangidwira ma LED, lomwe 804 ndiye amatchulidwa kawirikawiri. Yambani ndi wopepuka. Sefayo amagwira ntchito pomeza girini, ndipo diso la munthu limamva kwambiri girini wa pa 555 nm, choncho ma lumen adzatsikako. Kusintha galasi lautoto n'kuika losapaka kanthu kumathandizanso pang'ono.

Njira yosabwezeka ndi kuchotsa kachipewa kofewa ka pamwamba pa LED. Pa 519A kamachoka mosavuta: yatsani tochi itentheko, chotsani batire, kankhani kachipewako cham'mbali ndi chikhadabo kapena kanthu kapulasitiki, osakanda phosphor. Kelvin imatsika ndithu, 5000K imafika cha m'ma 4000K, Duv imatsikira ku pinki, ma lumen amachepako, koma kuwala kumafika patali. Ndiye ngati mukufuna kudzachita zimenezi, gulani ya Kelvin yokwera kuposa imene mukufuna. Musatengere njirayi pa LED ina iliyonse. XM-L2 ndi XP-G2 zili ndi timawaya topyapyala pansi pa kachipewa timene timaduka msanga, ndipo zikavulidwa zimakonda kupita ku chikasu chagirini, komwe mumathawa.

Yomaliza ndi kusintha LED yeniyeniyo. Onani kukula kwa mpando wake: XP-G, 219, 519A, LH351D ndi SST-20 zonse ndi za 3535 (mamilimita 3.5 mbali iliyonse), choncho imodzi imalowa m'malo mwa inzake, XM-L ndi SFT-40 ndi za 5050, XHP70 ndi ya 7070 ndipo imafuna 6V kapena 12V, osati 3V monga zinazo. Okonza mafoni amene ali ndi makina a mpweya wotentha atha kukuchitirani ntchitoyi. Akumbutseni kuti LED imatenthedwa kuchokera pansi pa kambale kachitsulo kamene yakhalapo, osati pamwamba, kuti asasokoneze + ndi mbali inayo, kuti apake phala latsopano lochotsa kutentha pansi pa kambaleko, ndiponso kuti kapulasitiki koika LED pakati pa mbale yonyezimira kabwerere m'malo mwake. Makampani ambiri aakulu amamata mutu wa tochi ndi guluu, ndipo mukautsegula chitsimikizo chatha, choncho pa tochi yodula imene ikadali m'nthawi ya chitsimikizo lekezerani pa sefa womata kunja kwa galasi.